Dzimbiri pa mbedza za ababa

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Leicester tilipo ndithu, koma mutu wangawu sukugwira, ndipo woti ndimufunse ndinu nokha.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati nkhani yolemera sauza munthu ali chiimire. Pathupi paja munandisiya napo panabadwa mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe, moti akakwinya nkhope ndimadzifunsa kuti ndalakwanso chiyani. Tadala wakula, Chichewa amamva chonse koma kuyankha ndi Chingerezi basi. Kumudzi achimwene akuti chimanga cha kudimba chachita bwino, cha kumtunda chinapserera. Ine maungu amene ndinabzala kuseri kwa nyumba kuno ku Evington anathera nkhono zopanda chigoba, sitinalaweko nkhwani ngakhale kamodzi.

Nkhani yeniyeni ndi ya ababa. Titakuikani, achimwene ankangondiimbira foni kuti ababa sakudya, akungokhala pakhonde, bwato lawo likung'aluka ndi dzuwa pamtunda. Ine ndi bambo a Tadala tinalimbana mpaka viza yodzacheza inatuluka, ndipo anabwera. Mu sutikesi mwawo munali malaya ochepa ndi chitini chija cha mbedza. Mukuchikumbuka? Ndikangochiyandikira munkandikalipira kuti, "Mwana wamkazi sagwira mbedza za bambo ake, nsomba zimathawa." Ndinakula ndikuchilambalala chitinicho ngati muli njoka.

Masabata oyamba ankangokhala pawindo n'kumaonerera mabasi. Kenako mnzawo wa bambo a Tadala, amene amagwira naye ntchito kosungira katundu ku Corby, anatibwereka kalavani yake kufupi ndi Skegness. Kalavaniyo ndi kanyumba kamatayala, kali pafupi ndi nyanja yamchere. Amayi, nyanja imeneyo ilibe khalidwe. Madzi amathawa n'kupita kutali, inu n'kumayenda pamchenga pamene panali nyanja, kenako amabwerera okha popanda wowaitana. Ababa, munthu woti moyo wake wonse wathera pa Shire ku Liwonde, anaima kukamwa kuli yasa. Anatapa madziwo ndi dzanja, kulawa, kulavula, n'kuseka. Chichokereni inu, aka kanali koyamba kumva kuseka kwawo.

Mkamwini wanu anawagulira ndodo yaitali yowedzera, yokhala ndi kachitsulo kopukusira chingwe. Mbedza za m'shopu anazikana, anamangirira zawo za m'chitini. Anakola nsomba yaphwatalala, maso onse awiri ali mbali imodzi, ndipo poyamba anati sangadye nsomba yopondedwa ndi galimoto. Nditaikazinga anadya mpaka kupempha ina. Ndinathawira kubafa kukalira, kulira kwa chimwemwe.

Pobwerera anachita monga ankachitira kwathu. Anatsukuluza zida zonse m'madzi omwe anawedzamo, n'kuzipachika pansi pa denga la khonde la kalavani kuti ziume ndi mphepo. Chitini anachisiya chotsegula pashelefu. Palibe anatsutsa. Ndani akanaphunzitsa msodzi kusamala mbedza? Tinkati tibwereranso sabata yotsatira, koma mashifiti anatipanikiza, ine kosamalira okalamba, bambo a Tadala ku Corby, mpaka mwezi unadutsa.

Titabwererako tinapeza zoti sindikuzimvetsabe. Kachitsulo kopukusira kaja kanali kataumiratu, osatembenuka. Timphete ta pandodo todutsamo chingwe tinali titatuwa ndi tinthu toyera ngati chuku. Mbedza m'chitini zinali zofiira, zomatirirana ngati mpunga wopserera pansi pa poto. Ababa anatola imodzi, ija yaikulu yokolera kampango, ndipo inathyokera m'zala zawo. Mvula sinafikepo pamenepo, denga silidontha, zonse zinali zouma.

Anavula chipewa n'kukhala pamasitepe. Kenako anati, "Esinati, zaka zonsezi mbedza izi sizinachitepo dzimbiri. Amayi ako akwiya. Ndawasiya okha pamanda opanda chiliza, ine n'kumadzaseka kuno." Tinalongedza zida zonse n'kubwerera ku Leicester. Kuyambira tsiku limenelo mbale yawo inayambanso kubwerera kukhitchini ili yodzaza, ndipo m'mawa uliwonse ankati, "Tandisinthira tikiti, ndizipita." Ndinachita mantha, amayi. Ndinadziwa kuti akakafika m'nyumba ija kumudzi ali chonchi, sipatenga nthawi akutsatani.

Ndinatenga kachitsulo kaja n'kupita nako kushopu yogulitsa zowedzera. Wogulitsayo anangokayang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi mchere. Akuti m'mbali mwa nyanja mchere umayenda mumphepo, mafunde akamaswa amaponya timadontho tosaoneka, timatera pachitsulo, madzi n'kuuma koma mchere n'kutsala. Akuti mcherewo umakokanso chinyezi, ndiye chitsulo chimakhala chonyowa ngakhale chikuoneka chouma. Anandiuza kuti ukachoka kowedza uzitsuka zonse ndi madzi a pampopi, kupukuta mpaka ziume, kudontheza mafuta, n'kuzitsekera m'bokosi m'nyumba, kutali ndi mphepo ya kunyanja.

Ndinavomera ndi mutu, koma ndinatuluka ndili wosokonezeka kuposa mmene ndinalowera. Si inu munandilera ndi nsomba zothira mchere zija munkagulitsa pamsika? Si inu munkati mchere ndi mlonda, chimene waugwira sichiwola? Nanga mlonda yemweyo akuba bwanji? Nsomba yofewa amaisunga, chitsulo cholimba amachidya. Nditawafotokozera ababa, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mchere wa kuno uli ndi mapiko?" Ndisakubisireni, nanenso ndinayamba kukukayikirani. Mtima wanu timaudziwa, munkatha kukhala sabata osalankhula ndi munthu chifukwa cha mbale imodzi yosweka. Ndinkapita ku shifiti ndikudzifunsa kuti kodi ndi mchere, kapena ndinu?

Lamlungu lapitali onse anapita kutchalitchi, ine ndinatsala ndi mwana chifukwa anali ndi chimfine. Ndinayang'ana chitini chija pamwamba pa kabati, ndipo ndinachitsitsa. Mayi wa ana awiri, koma ndinachitsegula mozemba ngati ndikuba ndiwo mumphika. Mbedza ndinaziviika mu viniga, kuzikwecha ndi mswachi wakale, kuzitsukuluza pampopi, kuzipukuta imodziimodzi. Zina zinali zitadyeka moti sizikanabwerera, koma zambiri zinayera. Kachitsulo kopukusira kaja ndinakatsuka n'kukathira mafuta amene ndinagula kushopu, ndipo kanayamba kutembenuka, ngakhale kuti kankalira. M'chitini ndinaponyamo timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, akuti timamwa chinyezi. Ndinakonza zoti ababa akafunsa ndinene kuti ndi mkamwini wawo wachita zimenezi.

Atabwera anaona kuti chitini chasuntha. Anachitsegula, ine ndikusuzumira pakhomo la khitchini. Anatola mbedza imodzi, kuipukuta ndi chala, kununkhiza chalacho. Kenako, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Wachulutsa mafuta. Amayi ako ankangodontheza pang'ono pakansalu, a makina osokera aja."

Amayi! Inu? Inu amene munandimenya kambama padzanja ndili mwana chifukwa chongokhudza chivundikiro? Ndinawafunsa kuti, "Ababa, ndiye munkadziwa?" Anati, "Ndingakhale ndi munthu zaka zonsezo osadziwa fungo la manja ake? Iwo ankadikira ndipite kumunda. Ine ndinkachedwa dala kumundako. Tikanati tinene, nsomba zikanathawa." Atatero anatseka chitini n'kufunsa ngati kwatsala chakudya. Anadya mbale yonse.

Tsopano ndiuzeni, chifukwa apa ndi pamene mutu wanga waima. Lamulo lija linali loona kapena ayi? Ngati linali loona, munkaliswa bwanji chaka ndi chaka, nsomba n'kumabwerabe pakhomo? Ngati linali labodza, munandiopsezeranji ubwana wanga wonse? Nanga mwana uyu wa dzina lanu akadzakula, ndidzamuuze ziti? Ndimafuna kukukwiyirani, koma ndikangokuganizirani mutakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kansalu m'manja, mukusuzumira ngati akubwera, ndimapezeka ndikuseka ndekha m'basi.

Chinanso chandizunguza. Ngati ababa ankadziwa kuti mbedza zinkawala chifukwa cha manja anu, ankadziwanso chimene zachitira dzimbiri. Mchere unathandiza, inde, koma wopukuta panalibe. Nanga ankaneneranji kuti mwakwiya? Ndaganiza mpaka kutopa, ndipo chimene ndapeza ndi ichi, kaya ndikulakwa. Mwina kunali kopepuka kwa iwo kunena kuti mwakwiya kusiyana ndi kunena kuti kulibe inu. Munthu wokwiya amakhala alipo, ungathe kumupepesa.

Za tikiti sanazitchulenso, ngakhale sananene kuti akhala mpaka viza ithe. Ine sindikufunsa. Dzulo anauza mkamwini wawo kuti Loweruka akufuna kunyanja, ndipo pouza iyeyo anakweza mawu kuti ndimve ndili kukhitchini, ati tikabwerako adzapita kukayenda kupaki, ndipo adzachedwako.

Ndamva, amayi. Ndikulonjeza kuti tikabwerako ndidzatsuka zonse ndi madzi a pampopi, ndidzapukuta, ndipo mafuta ndidzadontheza pang'ono monga munkachitira. Sindidzawauza, nawonso sadzandifunsa. Pumani bwino, ndimakukondani ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati