Wodwala wa Kadokotala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu. Nanga Amayi, dzanja lidafooka lija layamba kugwira kapu? Kuno tilipo, kungoti miyendo imanditupa poimirira tsiku lonse pa ntchito yanga yosita zovala.

Uthenga wanu ndidaumva, woti mwana wanga, mphwanu, Kadokotala wanu uja, abwere adzasamale Amayi popeza ndiye adazolowera odwala. Sindidamuuze. Ndangoufumbata ngati khala lamoto, moti dzana ndidatsala pang'ono kuwotcha malaya a eni.

Mukudziwa kuti kuchipatala iye ndi wothandizira chabe, wosambitsa odwala ndi kuyala mabedi. Kuti amutenge kusukulu ya unamwino, akuti amayang'ananso masetifiketi a maphunziro afupiafupi. Ya kutsitsimutsa munthu wokomoka adaipeza. Ndidaikulunga m'pulasitiki kuopa chinyezi, ndipo ndimaisuzumira kawirikawiri ngati ingathawe. Tsopano ali pakati pa maphunziro osamalira odwala osatha kudzuka. Akawasiyira panjira mayeso amudutsa, ndipo sukuluyo sidikira munthu.

Musaseke, Achimwene, wodwala wake wophunzirira ndine. Akaweruka amandigoneka pamkeka n'kundiuza kuti ndikhale ngati ndafa mbali imodzi. Ndikayesa kutembenuka ndekha amandikalipira, amati wodwala wachinyengo ngati ine sadamuonepo. Amandipinda bondo, dzanja lina paphewa lina m'chiuno, n'kunditembenuza pang'onopang'ono, pilo pakati pa mawondo. Akuti nsalu yogonera isakhale ndi khwinya, chifukwa khwinya limabala chilonda. Ine ndimamuyankha kuti za makwinya asaphunzitse wosita.

Ndikagona choncho ndimayang'ana kuwala kolowera pa kabowo ka lata, fumbi likuyandama m'menemo. Ndimamuona atavala zoyera, akuyenda m'khonde lalitali losaoneka kothera, anthu akumupatukira. Mwina amasanduka kamwana kaja kadamanga nkhuku yanu mwendo ndi sanza. Mwina manja ake amakhala a Amayi, ine ndili wamng'ono, akundipukuta kumsana padzuwa. Amachita kundigwedeza, akuseka kuti wodwala wapita kutali.

Pempho langa ndi limodzi. Musamuitane, ngakhale pafoni musamutchulire, chifukwa ndinu malume ake ndipo sangakukanireni. Ndibwera ine mwezi ukatha, ndipo ndimuuza kuti ndaganiza ndekha. Abwana ndawauza kale, akuti malo sangandisungire. Zikundiopsa, sindinama. Koma simbi yositira ili paliponse, pamene mwayi wa mwana sudutsa kawiri pakhomo. Kutembenuza munthu ndakudziwa, ndiponso ndikudziwa pamene pamapweteka akakugwira molakwa, popeza pamkekapo ndagonapo. Malo anga a pamkekapo mayi wa khomo loyandikana wavomera kugonapo, ngakhale thupi lake ndi la anthu awiri. Mphwanu alimba msana.

Pakadali pano alamu aziwatembenuza Amayi pafupipafupi, aziwayang'ana zidendene ndi m'chiuno ngati pafiira. Chonde, asawakoke dzanja lofookalo powadzutsa. Ndabwereza, asawakoke.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Amayi muwauze kuti namwino wawo akadali panjira, koma watsogoza wodwala wake.

Ndine mlongo wanu,
Make Kadokotala