Nkhosa ya pa Thumba

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tadzuka, tingotero. Ndalemba kalata chifukwa pafoni umadula ndisanamalize kulankhula.

Nkhani ndi ya Kapitawo, galu wa bambo. Usayambe zoti ndi galu chabe. Chidwalireni sitiroko ija, bambo sayenda ndi ine, sayenda ndi ndodo unawatumizira ija, amayenda ndi Kapitawo basi. Galuyo akaima pakhomo n'kugwedeza mchira, iwo amadzikoka mpaka pamphambano pali wowotcherera zitsulo paja, n'kubwerera. Adokotala awo anati kuyenda kumeneko ndiye mankhwala a mwendowo.

Kapitawo atayamba kudzikanda mpaka kutuluka magazi, ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto. Anamuyang'ana m'makutu, pamimba ndi pakati pa zala, n'kunena kuti nthata alibe, nkhupakupa alibe, koma thupi lake likukana nkhuku. Anati tisiyiretu chakudya chilichonse chokhala ndi nkhuku, ngakhale mafuta ake omwe.

Anandiuzanso kuti pogula tizitembenuza thumba. Chimene alemba poyamba ndiye chochuluka, ndipo chizikhala nyama yotchulidwa dzina, osati zongoti zotsalira za nyama. Galu wokalamba ngati ameneyu, anatero, safuna mafuta ambiri, mchere wambiri, kapena utoto wokongoletsa timibulu ta chakudyacho.

Zonsezi ndinakuuza chimodzichimodzi. Iwe unati ndikusiyire, kumene uliko kuli masitolo enieni, osati timagolosale tathu tino. Thumba linafikadi, lalikulu ngati la simenti, kutsogolo kwake kuli chinkhosa chonenepa chitaima pa msipu. Poti ndinali nditakufotokozera zonse, ndinangotsegula n'kuyamba kumupatsa.

Iwe, galu anathothoka ubweya msana wonse! M'makutu munkanunkha moti ndinkatsegula mawindo onse. Dokotala anachita kumuveka chipulasitiki cha m'khosi chonga ndowa yobowoka kuti asadzilume, ndiye amangogunda mipando, osaona kumene akupita.

Nditakuimbira unati chiyani? Unati ndine waumve, sindimusambitsa. Mlamu wanga ndinamumva bwinobwino akuponya mawu kumbuyoko, ati mwina chakudyacho ndikugulitsa, galuyo n'kumamupatsa makombo. Ine amene ndimachapa zofunda za bambo ako zikanyowa, ine amene ndimawameta ndevu, lero ndasanduka wakuba chakudya cha galu? Umuuze adzanenere pamaso panga.

Tsiku lomwelo ndinaligwetsa pansi thumba lako m'khitchini, n'kubwereka magalasi a bambo, poti tizilembo take n'tating'ono ngati nyerere. Poyamba chimanga. Kenako tirigu. Kenako nkhuku yogaya, ndi mafuta a nkhuku pamwamba pake. Nkhosa yako ija ndinakaipeza kumapeto kwenikweni, itabisala kuseri kwa mchere, ndipo si nyama ayi, alemba kuti kafungo. Kafungo! Unagula chithunzi iwe, sunatembenuze n'komwe.

Nditakuwerengera zimenezi, m'malo mopepesa unandiyankha kuti nkhuku ikaumitsidwa n'kugayidwa sikhalanso nkhuku. Aa! Ndiye imasanduka chiyani, mbuzi? Munthu wamkulu ndi ndevu zako, wa ana ako, kuyankhula zotero. Ndinachita manyazi m'malo mwako.

Thumbalo ndalikankhira kuseri kwa nyumba, udzalidye wekha. Ndagula laling'ono la nsomba ndi mbatata. Ndinaimirira m'golosale kuwerenga mzere uliwonse, mwini wake akundiyang'ana ngati ndikufuna kuba. Nsomba ili poyamba, nkhuku mulibe, utoto mulibe. Zilonda zayamba kuuma, koma dokotala akuti ubweya uchedwa kumera.

Amene akundisowetsa mtendere ndi bambo. Chidwalireni galuyu, iwo sanatulukepo pageti, ndipo mwendo uja wayambanso kuuma. Wowotcherera zitsulo anachita kubwera kudzafunsa ngati tawagoneka kuchipatala. Nyama ya m'mbale mwawo amaigwetsera pansi pa tebulo ndikatembenuka, ati za m'matumba zonse ndi poizoni. Aonda moti lamba ndachita kubowola kabowo kena.

Ndiye pamwamba pa zonsezi ukuti utuma mnzako wa galimoto adzatenge Kapitawo akamusiye ku famu, poti ine ndalephera kumusamala. Unanena mokuwa, foni ili patebulo, ndipo bambo anamva zonse.

Anatenga chingwe cha galuyo n'kuchimanga pamkono wawo wabwinowo, mfundo akukoka ndi mano. Akudya nacho, akugona nacho, kuchimbudzi akupita nacho. Galimoto ikangoima pamsewu amamukumbatira Kapitawo ndi chipulasitiki chake chomwe. Dzulo nditati ndimasule kuti ndiwasambitse analira ngati mwana, munthu amene pamaliro a mayi sanagwetse msozi. Pamkonopo patupa, chingwe chadya khungu.

Ndakwiya nawe, ndipo sindikubisa. Walakwitsa ndiwe, wodwala ndi galu, koma amene akulangidwa ndi nkhalamba yosatha kudziyankhira. Ndawauza kangapo kuti galu sapita kulikonse, koma sakundikhulupirira, ati iwe ukanena chinthu umachita. Ndiye uwaimbire, uwauze ndi pakamwa pako kuti wasintha maganizo, amasule chingwecho mkono usanawole.

Ukakana, dziwa kuti mnzakoyo sindimutsegulira geti. Ngati ukufunadi kuti Kapitawo achoke, kwera basi, ubwere wekha, udzagwade pampando wa bambo ako, udzamasule mfundoyo ukuwayang'ana kumaso.

Undiperekere moni kwa ana, uwauze kuti azakhali awo awasowa. Mlamu wanga umupatse moni ngati watsalako. Mulungu akusunge, akufewetsenso mtima.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene ali ndi bambo ako.