Zilonda za mng'ono wako zauma

Alemekezeke Mulungu, ayi ndithu alemekezeke! Mwanawanga, uli bwanji kutaliko? Kuno tikungoseka.

Zilonda za mng'ono wako zija zauma! Adokotala anadula kachikopa n'kukapima. Akuti sanalodzedwe, ndi matenda osowa, thupi limadzimenya lokha. Mapilitsi ake amutupitsa nkhope, moti akufanana ndi malemu mayi ako. Dzulo akutsuka mbale ndinangopezeka ndamuitana kuti "achemwali". Anavomera osatembenuka, n'kufunsa ngati iwe wachira.

Adokotala atafunsa za ena odwala chonchi pamtundu pathu, ndinatchula mayi ako okha. Za malaya a manja aatali aja unkakana kuvula kukutentha, sindinauzepo munthu.

Mwezi ukatha ndikutumizira ya basi. Ubwere adokotala akuone nawenso.

Ndine mayi ako aang'ono.