Dzanja Langa Lokha ku Sinodi

Loweruka, mwezi wa Julaye. Lero mutu wangondizungulira.

Mpingo wathu wa ku Ndirande unandituma ku sinodi ya chigawo kuti ndikakane zosamutsa abusa athu. Tili panja, nthumwi zinzanga zimati, "Tili nanu, a Nachisale." Titalowa, tinapeza bambo wina wachilendo atakhala kumbuyo, baji ya chipani ili pachifuwa. Wapampando atafunsa otsutsa, dzanja linakwera langa lokha. 

Abusa akupita basi. Koma masana omwewo anthu omwe aja andisankha kulowa m'komiti ya sinodi! Potuluka, mlembi anandinong'oneza kuti, "Mwatilankhulira, mayi."

Kodi akundilemekeza, kapena akundiika patsogolo kuti zikavuta a chipani adzatenge ine? Mawa kutchalitchi akandifunsa, kaya ndikayambira pati...