Diresi Limodzi, Akwatibwi Atatu

Gulu: shopu ya asisi, madiresi a ukwati

LOLEMBA

Alamu 09:14
mlamu, ka link kako kaja ukazimitse lero. app yeniyeni yatuluka, ili pa store

Mawaya 09:20
ka link? alamu, website imeneyo anthu akhala akubookirapo madiresi a asisi chaka chonse, palibe anadandaulapo

Alamu 09:22
website ndi za ongoyamba kumene. shopu ya mkazi wanga izikhala pa foni ya munthu ndi logo yake, kungodina basi. osati link yotumizirana ngati uthenga wa maliro

Mawaya 09:23
nde mkwatibwi apange download chi app chonsecho kuti abwereke diresi kamodzi pa moyo wake? kapena mukuganiza azikwatiwa mwezi ulionse kkkk

Alamu 09:31
[uthenga wa mawu 3:41]

Mawaya 09:32
ulaliki ayi, ndili kuntchito. lembani

Alamu 09:35
mwachidule, amene wapanga app ndi mnzanga wa ku gym, katswiri, anaphunzira kunja. iwe umangopanga tima page

Mawaya 09:36
asisi mukutipo bwnj? shopu ndi yanu

Asisi 11:05
ndili ndi kasitomala. ingochita zimene alamu akowo akunena, phokoso lake landikwana kunyumba

Mawaya 11:07
chabwino. funso limodzi. pakalakwika mukonza bwnj? website ndimakonza ndili pompano, aliyense akatsegula wapeza zili bho. app mpaka a store avomereze, kenako aliyense apange update pa foni yake

Alamu 11:08
app ya katswiri silakwa

Mawaya 11:15
ndazimitsa

LACHITATU

Asisi 10:40
mayi wina wabwera ndi mwana wake, app yakana kulowa, akuti foni yadzaza. pano akufufuta zithunzi za adzukulu ake pa kauntala

Alamu 10:52
agule foni. makasitomala otere si a level yathu

Mawaya 10:53
level yanu ndi iti alamu? foni yanuyo mumachita kuimanga ndi laba kuti chaja igwire

Asisi 14:18
wina akuti foni yake ndi ya mtundu wina, pa store yake app kulibe. wangotuluka osayesa ndi diresi lomwe

Alamu 14:30
zimenezo ndi phase 2

Mawaya 14:31
phase 2 ndi kulemba app ina kuyambira poyambirira. mnzanuyo anakuuzani, kapena munatanganidwa ndi kunyamula zitsulo?

Mawaya 15:50
alamu?

LACHISANU

Asisi 10:02
[chithunzi]

Asisi 10:02
taonani izi. atsikana atatu, onse abooka diresi la mchira wautali lija, onse ukwati mawa, onse app yawauza kuti confirmed

Asisi 10:04
mmodzi wakhala pansi pafupi ndi galasi akulira. wina amayi ake agwira diresi ndi manja awiri sakulisiya

Asisi 10:05
bambo a mwana??

Asisi 10:06
[kuimba kosayankhidwa]

Asisi 10:09
[kuimba kosayankhidwa]

Mawaya 10:21
ndayesa pa foni ya mnzanga. ndabooka diresi lomwelo tsiku lomwelo, yandivomera nanenso. app yake sifunsa n'komwe ngati tsikulo lili ndi mwini kale. nde akwatibwi tilipo anayi

Asisi 10:22
sindikuseka iwe

Mawaya 10:22
pepani asisi

Alamu 10:47
ndinali mu meeting. katswiri akuti ndi ka bug kakang'ono, wakonza kale

Asisi 10:47
nde zatheka?

Alamu 10:55
watumiza ku store, akuti aione kaye. mwina sabata ya mawa

Mawaya 10:56
ndipo onse amene ali nayo kale pa foni azingobookabe ndi yopengayo mpaka adzakumbuke update. konzani mipando yambiri mu shopu, olira akubwera

Alamu 11:10
mlamu wanga wokondedwa

Alamu 11:11
website ija ungayatsenso?

Mawaya 11:11
iti? ine ndimangopanga tima page

Asisi 11:12
iwe usandichedwetse, yatsa. za alamu akowo tiona madzulo

Mawaya 11:26
ndayatsa, chifukwa cha inu asisi. munditumizire onse amene abooka sabata ino ndiwaimbire ndekha, pasapezekenso ena olimbirana

Alamu 11:28
zkm mlamu. ndimadziwa ine kuti ma system awiriwa ngothandizana

Mawaya 11:28
mxiii

Asisi 13:34
zatha. mmodzi watenga la mchira. wina wavomera la manja aatali, amayi ake anyinyirika koma apita. wachitatu, wolira uja, mu shopu monse munalibe lomukwana

Asisi 13:36
ndinathamangira kunyumba, ndatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. ndamupatsa langa

Alamu 13:37
lanu liti?

Alamu 13:37
la ukwati wathu?? lija munati simudzabwereketsa munthu mpaka mwana wathu adzakule?

Asisi 13:41
lomwelo. lamukwana ngati anachita kumuyeza. wandikumbatira osafuna kundisiya, ine ndangothawira kustolo asandione misozi

Mawaya 13:42
asisi 😔

Alamu 13:44
mukanandifunsa kaye

Asisi 13:45
ndinakuimbirani, munali mu meeting. suti yanu nayo yapita, ndawonjezera ngati chipepeso. mkwati wake mimba ndi ngati yanu yomweyo

Alamu 13:45
suti yanga??

Alamu 13:49
mayi a mwana

Alamu 14:02
[uthenga wa mawu 4:15]

Alamu 15:30
mwamvera?

Alamu 16:48
ndi nsapato zomwe?