Ndabwereka Jombo Zanu Zoyera

Achimwene Tomoharu,

Musavutike kufunafuna jombo zanu za kumsika wa nsomba, ndavala ine. Nsapato zanga zinanyowa dzulo, ndinaziyanika pafupi ndi mbaula ndiye zamatuka.

Mayi Kuwabara, a zaka 76 aja, andisankha ndisewere nawo lero pampikisano woponya mbale zapulasitiki m'dengu la maunyolo. Achimwene, dzulo mvula ikuwaza, kukuzizira, ndinawaona ataponda m'matope osagwedezeka. Mbale yomwe anaponya inawoloka dziwe lonse n'kukagwera m'dengu, maunyolo n'kulira. Nanenso ndinaponya yanga. Iwo anayang'ana mapazi anga, amvekere, "Iwe mwana, dzanja uli nalo. Koma ukabweranso ndi nsapato zoterera, ukasewere ndi abakha."

Pepani, ndibweza zotsukatsuka nthawi yanu ya ntchito isanakwane. Zakugwirani zaka zisanu pasimenti yonyowa osagwa, inetu ndikungopempha m'mawa umodzi.

Ine,
Itsuki