Ng'ombe zinalembedwa, agogo ayi

Lachinayi, Okutobala. Kunatentha, ndipo ndapsa mtima.

Ndinapita ku Boma kukaona buku lakale la pamalo pamene ankatsekera anthu ochokera ku Tanganyika poopa nthomba. Bambo ankati agogo awo, a Ambokile, anakhalapo milungu itatu atawoloka Songwe. Mayi osunga mabuku anandipezera tsambalo.

Ng'ombe analemba bwinobwino: yakuda, yamawanga, yothyoka nyanga. Mwini wake anangoti "mwamuna mmodzi."

"Pepani achimwene, ankalemba choncho," anatero mayiwo.

Ankalemba choncho! Munthu anali ndi pakamwa, osamufunsa dzina bwanji? Ndawazindikira chifukwa cha yothyoka nyangayo, imene bambo ankaitchula kawirikawiri. Ndiye ana anga ndiwauze chiyani, kuti ifeyo tinabwera ndi ng'ombe?